Chuku Kapena Chikombole

Pamzere wa kuchipatala cha makutu, mayi wina amene anabwera ndi mwana wake anaonetsa kapepala ka dokotala kwa bambo amene anali patsogolo pake.

"Pepani bambo, mawu achingerezi akuti mould awa akutanthauza chiyani? Mlamu wanga akuti ndi chuku, chija chimamera pabuledi. Ndiye kuti khutu la mwana wangayu likuwola?"

"Ine ndimaumba njerwa, mayi. Kuntchito kwathu mould ndi chikombole. Mwina akufuna kuyeza khutulo kuti amuumbire kachipangizo komvera."

"Mukutsimikiza?"

Bamboyo anayang'ananso kapepalako.

"Kutsimikiza ayi. Chuku ndi chikombole, pachingerezi mawu ake ndi amodzi omwewa."

Mayiyo anagwiritsa dzanja la mwana wake.

"Ndiye ndiloleni nditsogole, bambo. Mtima wanga sukukhazikika."

"Dutsani, mayi, dutsani."