Anandinena Ufiti Chifukwa cha Kamwana ka Kadzidzi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mumawerenga zomwe ndimalemba pano. Lero ndikufuna ndichitire umboni mmene ndinatsalira pang'ono kuthamangitsidwa m'nyumba imene njerwa zake ndinaumba ndi manja angawa, chifukwa cha kamwana ka kadzidzi kothyoka phiko. Mundikhululukire mawu anga akatuluka otentha, mtima sunapolebe.

Ine ndili pachitengwa kuno kwa Maganga. Amuna anga atamwalira ndinatsala ndi mwana mmodzi, Talandira, wa zaka zisanu ndi zinayi. Chiikireni maliro a bambo ake, mwanayu anangotseka pakamwa. Kumufunsa kanthu ankangogwedeza mutu. Ndinapemphera, ndinasala kudya, koma kunali zii.

Tsiku lina alamu anga a Nachisale, mlongo wawo wa malemu amuna anga, anagwetsetsa mtengo waukulu wa mango kuti apeze nkhuni zowambira nsomba. Kuchokera m'mphako munagwa kamwana ka kadzidzi, kaubweya woyera, phiko limodzi lili lendelende, magazi akuchucha. Ana anayamba kukagenda. Talandira anathamanga n'kukagonera pamwamba, mwala wina n'kumutema pachipumi. Atafika nako pakhomo anandiyang'ana nati, "Amayi, musakataye, kalibe kwawo." Amenewo anali mawu ake oyamba patatha miyezi isanu. Inuyo mukanakataya?

Ndikudziwa zimene timanena za kadzidzi, nanenso ndinakula ndikumuopa. Komabe ndinatsuka balalo ndi madzi ofunda amchere, ndinamanga phikolo ndi kansanza, n'kukagoneka m'katoni ya sopo yoboolaboola. Poyamba ndinakapatsa phala, uchitsiru wanga, kanangolavula. Usipa kankameza monyinyirika. Titayesa tizidutswa ta mbewa pakamtengo, apo ndiye kanayasamula kukamwa ngati thumba. Kankatikanda mpaka manja mabala okhaokha, koma Talandira ankacheza nako tsiku lonse, ine n'kumamvetsera kuseri kwa chitseko misozi ili mbwembwembwe.

Kadzidzi akadya mbewa amalavula timibulu takuda ta ubweya ndi mafupa. Ine ndinkangosesa n'kukataya kudzala. Ndiye mwana wa a Nachisale, wa zaka zitatu, anatentha thupi. M'malo mothamanga naye kuchipatala, a Nachisale, mayi wamkulu wa mano onse, anakafukula dzala langa n'kutola timibuluto. Anayenda nato pambale khomo ndi khomo, akuti ndi zithumwa, akuti ndinadya achimwene awo ndipo tsopano ndayamba mwana.

Kundinena ine, amene ndinagona pasimenti m'chipatala miyezi iwiri ndikudwazika amuna anga, iwowo osabwerako ngakhale ndi nthochi imodzi. Kumjigo amayi ankachotsa zidebe zawo ndikangotulukira. Anzanga a kumvano, amene timavala nawo zoyera Lachinayi lililonse n'kumaimba za chikondi, ankapatuka njira akandiona. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzafunsa kuti mayi, zikukhala bwanji. Achibale a amuna anga anakhala pansi n'kundiuza kuti pofika Lamlungu ndikhale nditamanga katundu, ndibwerere kwathu ku Dedza, nyumba ndi munda wa mpunga ndisiye. Kwathuko makolo anatha kalekale, ndikanakafikira kwa yani?

Loweruka m'mawa ndinagwada pafupi ndi katoni ija. Sindinama, silinali pemphero laulemu. Ndinati, Ambuye, munanditengera mwamuna ndinakhala chete. Mbalameyi munailenga ndinu, mwana wanga mwamutsegula pakamwa ndinu, ndiye lero mwandisiya ndekha ndi anthu awa? Ngati mumaonadi, onani. Ndinadzuka osanena ndi ameni yemwe.

Masana anthu anadzaza pakhomo panga, ena atanyamula zibonga, akufuna katoni. Talandira anaikumbatira, pakamwa patatsekekanso. Apo mpamene anatulukira Abiti Saidi, mayi wachisilamu wogulitsa mpunga. Iwo ndi ine tinali titatha zaka ziwiri osapatsana moni, chifukwa mbuzi zawo zinandidyera chinangwa ndipo ndinawatukwana mawu oti sindingalembe pano. Mumtima ndinati, nawonso abwera kudzaonerera.

Anadutsa pakati pa anthu, analanda mbale ija m'manja mwa a Nachisale, n'kuphwanya kam'bulu kamodzi ndi chala. "Walahi, anthu akuluakulu inu, awa si mano a mbewa? M'sitolo mwanga mwa mpunga ndimasesa zimenezi chaka ndi chaka. Mwana akutentha tsiku lachinayi, inu muli kalikiliki kuzenga mlandu mbalame?" Sanadikire yankho. Analowa m'nyumba ya a Nachisale, anabereka mwanayo, n'kuitana kabaza. Asanakwere anacheuka nati, "Katoniyo ikakhale kwanga. Wofuna kuotcha nyumba ayambe yanga." A Nachisale anawatsatira pambuyo akulira, ndipo anthu azibonga aja anayamba kuzemba mmodzimmodzi.

Kuchipatala anamupeza ndi malungo, magazi atatsala pang'ono kutha. Adokotala anawakalipira kuti achedweranji naye. Patatha masiku anayi mwana anabwerako akudya mandasi. Lamlungu lija linadutsa, palibe anabwera kudzanditulutsa, koma palibenso anabwera kudzapepesa. Zimenezo ndiye zimandiwawa mpaka lero. Kundinena ufiti anachita poyera dzuwa likuswa mtengo, koma kupepesa akuona ngati kungawathothole mano. A kumvano aja anangoyambanso kundipatsa moni ngati sipanachitike kanthu.

Kadzidzi anakhala m'sitolo ya Abiti Saidi, ndipo Talandira ankakamudyetsa akaweruka kusukulu. M'sabata yachiwiri, ndikusesa pakhomo, ndinaona a Nachisale akubwera ndi kambale kovundikira. Anakaika pakhonde maso ali pansi. Munali mbewa zisanu zosawamba, ndiwo zawo za tsikulo. Anangoti, "Za mbalame ija," n'kutembenuka. Dzanja linandiyabwa, ndinafuna kuwagenda nako kumsana. Koma Talandira anakatola ndi manja awiri nati, "Zikomo azakhali." Ine ndinangopitiriza kusesa.

Phiko linapola, ndipo tsiku lina tinapeza katoni ili pululu. Abiti Saidi akuti kadzidziyo amakhalabe kudenga kwa sitolo yawo, ndipo makoswe asiya kuwaboolera matumba. Ndinapita kukawapepesa za mbuzi zija, iwo n'kundiseka kuti pakamwa panga mpamene panafunika kumanga ndi kansanza.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano, n'kuliyankha kudzera mwa mayi amene ndinamutukwana ndekha, pomwe oimba nawo nyimbo anali atabisala. M'nyumba yanga ndikadalimo, mpunga ndakolola, ndipo mwana wanga akuyankhula mpaka kundisokosa. Inu amene akukusemerani mabodza, musafulumire kumanga katundu. Gwadani, muuzeni Mulungu mmene zikuwawira osakometsera, ndipo limbani mtima, chifukwa wodzakuimirani simungamulote. Nanenso mundipempherere, pakuti kukhululuka kukundivutabe. Kambale ka a Nachisale kaja ndinakatsuka kale, kali pathandala pano, koma sindinakabwezebe.