Masabata Awiri Amene Amuna Anga Anakhala Mkamwana

Moni nonse abale ndi alongo amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Lero sindinabwere ndi nkhani za nsalu ndi masitayilo a madiresi monga mwa masiku onse. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene mliri wa korona unkalowa kumene m'dziko muno, pamene banja lathu linatsala pang'ono kupha apongozi anga aamuna ndi moni. Zaka zapitapo, koma ndikakumbukira thupi limachitabe tsemwe.

Ine kwathu ndi ku Dedza, kuno ku Mzimba ndinabwera ndi ukwati. Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Boma. Amuna anga, amene kuno amawatchula kuti awiske Wezi potengera mwana wathu woyamba, anali ku Joni chaka chachitatu. Mliri utavuta kumeneko ntchito inatha, ndipo tsiku lina anaimba foni kuti apeza malo m'basi yobwerera kumudzi. Ndinavina ndekha m'nyumba. Koma ndisanakhale n'komwe pansi ndinakumbukira bambo awo.

Apongozi anga amakhala kumudzi, kufupi ndi Edingeni. Ndi munthu wamkulu ndithu, wodwala mphumu ndi shuga, ndipo nyengo yozizira ikafika chifuwa chawo chimalira ngati chitseko chadzimbiri. Wailesi inkanena m'mawa ndi madzulo kuti anthu otere ndi amene matendawa sachedwa kuwatenga. Tsono kwa amuna angawo munthu akachokera ku Joni safikira kwa mkazi wake. Amafikira pakhomo pa bambo ake, katundu amatsitsidwira pomwepo, mudzi wonse umabwera kudzamugwira chanza, mbuzi imagwa, iye n'kudya mbale imodzi ndi bambo akewo. Ndinkaona m'maganizo munthu wotsika m'basi yodzaza, ya masiku atatu panjira, akukumbatira nkhalamba ya mphumu.

Ine ndine munthu wa nkhawa, amuna anga amati ndimayamba kulira maliro munthu asanadwale. Ndinasoka timasiki ta chitenje mulu, ndinagula ndowa ya mpopi, sopo, mandimu, jinja, mpaka masamba a bulugama ndinathyola thumba lathunthu. Mwini sitolo, bambo wina wachikulire wachisilamu, anandifunsa ngati ndasiya utelala n'kutsegula chipatala. Zonsezo zinali zosavuta. Chimene chinandiimitsa mutu chinali chakuti ndiwauza bwanji apongozi kuti asamugwire mwana wawo.

Kuti mumvetse vuto langa, mkazi wokwatiwa pamudzi kuno amatchedwa mkamwana, ndipo m'banja limene ndinakwatiwamo mwambo wake ndi wolimba. Zaka khumi ndi ziwiri ndinali ndisanawagwirepo dzanja apongozi anga. Ndikawaona ndimagwada patali, m'nyumba mwawo sindilowa, sindidya nawo, ndipo mawu anga onse amadzera kwa ankhazi, mlongo wawo wa apongoziwo, amene amasunga pakhomo chimwalirireni apongozi aakazi. Ndivomereze pamaso panu kuti mwambo umenewu ndinkaunyoza mumtima. Ndinkagwada ndi maondo okha, m'kati ndikung'ung'udza kuti anthu a kuno amakonda kuzunza ana a eni.

Kutatsala masiku anayi kuti basi ifike, ndinatsekera makina, ndinatenga ana ndi katundu wanga wa chipatala uja n'kupita kumudzi. Ndinapeza pakhomo pali kalikiliki. Chimera chinali chitayanikidwa, mbuzi itasankhidwa kale, ndipo uthenga unali utapita kwa achibale a m'midzi yozungulira. Ndinawaitanira ankhazi kuseri kwa khitchini n'kuwafotokozera mofatsa kuti awiske Wezi akafika akhale kaye paokha masabata awiri, monga ankanenera a zaumoyo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"NyaPhiri, ndiwe wochenjera chomene," anatero. "Ukufuna mwamuna akhale kumbali kuti katundu wa ku Joni uyambe ndiwe kutsegula. Mawu amenewo ine sindinganyamule yayi."

Mawuwo anandipweteka kwambiri. Dzuwa lisanapendeke amayi onse a pakhomo anali atamva kuti mkamwana wa ku Dedza wabwera ndi dyera, ndipo ndikadutsa nkhani inkaduka. Ndinapita kumunda ngati wokatola nkhuni, ndinagwada kuseri kwa mkukwe wa chimanga n'kulira. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinati, Ambuye, pakamwa panga mwambo unatseka, ndipo wondiyankhulira wakana. Mkuluyu akafa adzafa ndi dzanja la mwana wake ine ndikuonerera. Ine ndalephera, yankhulani Inu. Ndinadzuka osamva kanthu kena kalikonse mumtima, maondo okha ndi amene ankawawa chifukwa cha ziputu.

M'mawa mwake ndikusesa, anandiuza kuti ndikufunika kukhola. Ndinapeza apongozi atakhala pampando wawo, atafunda bulangete, ankhazi ali pambali nkhope ili gwa. Ndinagwada pamalo anga a masiku onse. Apa m'pamene ndinazindikira zimene zinachitika. Ankhazi, amene anakana kunyamula mawu anga ngati uthenga, anali atawanyamula ngati mlandu, ndipo pondinenerapo anafotokoza zonse osasiyako kanthu.

Apongozi sanandiyang'ane, anayankhula kwa mlongo wawo monga mwa mwambo. "Mufunseni mkamwana, matendawa akuti munthu azitalikira bwanji?"

Ndinayankha kudzera kwa ankhazi kuti ngati kuchokera pamene ndagwadapa kufika pamene akhala adadawo. Anafunsa za chanza, ndinati ayi. Anafunsa zolowa m'nyumba, ndinati ayi. Anafunsa za mbale, ndinati aliyense yake. Kenaka anayamba kuseka, kuseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Mbwenu boma latulukira lero zimene mkamwana wanga wakhala akuchita zaka zonsezi," anatero atapuma. "Mwana uyu sanandigwirepo dzanja, koma ndani pamudzi pano amandilemekeza kuposa iye? Basi, mwana wanga akafika akhale mkamwana masabata awiri. Mbuzi idikire."

Abale anga, ndinangoti kukamwa yasa. Ine ndinkapempha Mulungu kuti athyole mwambo, Iye anangoutenga mwambo womwewo n'kuugwiritsa ntchito. Misozi inagwera m'dothi ndili chigwadire, ndipo ndinaomba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira.

Tsiku lomwelo tinayamba kukonza chigafa cha fodya, poti fodya anali atapita kale kumsika. Tinachitchinga ndi udzu ndi matumba, tinaikamo mphasa, mabulangete awiri ndi ndowa ya mpopi ija. Panja tinagadabuza mtondo wakale kuti ndizisiyapo chakudya. Achibale anauzidwa kuti phwando lasunthidwa, ndipo amene anadandaula ankauzidwa kuti akafunse adada.

Tsiku lija litakwana, galimoto yahayala inafika masana kuchokera ku Jenda, kumene basi inawasiya. Amuna anga anatsika n'kulunjika kwa bambo awo manja ali tambalale. Apongozi anakweza ndodo.

"Ima penepapo. Gwada."

Anagwada atasokonezeka, akundiyang'ana ngati akufunsa kuti alakwanji.

"Wafika, mwana wane, tawonga Chiuta," anatero apongozi. "Koma kuyambira lero ndiwe mkamwana pano. Zoyenera kuchita akuphunzitsa mkazi wako, ndiye katswiri."

Anthu amene anaima patali anaseka, koma mkuluyo maso sanawachotse pa mwana wawo. Zaka zitatu asanamuone mwana wawo, ndipo anali apo, mapazi khumi okha. Katundu yense wa ku Joni analowa m'chigafa osatsegulidwa, choncho nkhani ya dyera ya ankhazi ija inathera pomwepo.

Masiku oyamba amuna anga anali okwiya. Ankati iwo ali bwinobwino, ndipo kuwagoneka m'chigafa ngati fodya ndi nzeru za mkazi wamantha. M'mawa uliwonse apongozi ankakokera mpando wawo pakati pa bwalo n'kumacheza nawo mokuwa za ng'ombe ndi za anthu amene anamwalira iwo kulibe. Tsiku lachisanu amuna anga anadandaula kuti ndiwo ndaphika zopanda mchere, pamene ndinathira wokwanira. Kenaka anafunsa ngati khola talisuntha, poti sankamva fungo lake, chikhalirecho lili pafupi pomwepo. Madzulo ake thupi linatentha. Alangizi a zaumoyo anabwera pa njinga yamoto, anawayeza, ndipo zotsatira zitabwera zinali zomwe ndinkaopa zija.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndi limene sindidzaliiwala. Dzuwa lili pamutu, amuna anga anayamba kubanika, ndipo kutsokomola kwawo kunkamveka bwalo lonse. Tinaimbira alangizi aja, anati galimoto ya chipatala inyamuka, koma kuchokera pa Boma ndi mtunda. Ndikutuluka m'khitchini ndinaona apongozi ataimirira, bulangete litagwa pansi, akuyenda molunjika kuchigafa. Munthu amene anakhazikitsa lamulo uja mtima wa ubambo unali utamugonjetsa. Ankhazi anali kumjigo, pakhomo panalibe wamkulu wina aliyense.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinathamanga n'kukagwada panjira pawo, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwireni ndinayankhula nawo mwachindunji.

"Adada, ndapota. Mukalowa umo tiika maliro awiri."

Anaima. Kenaka anati, "Yewo, mama," n'kukhala pansi pafumbi pomwepo. Anayamba kupemphera mokweza m'Chitumbuka kuti mwana wawo azimva, akumutchula dzina laubwana limene ine ndinali ndisanalimvepo. Munthu amene amalephera kumaliza chiganizo osapuma anapemphera osadukiza mpaka galimoto inatulukira. Mpweya umenewo anautenga kuti, ine mpaka lero sindidziwa.

Amuna anga anakhala kuchipatala masiku opitirira sabata, akupuma ndi makina. Madotolo ndi anamwino anagwira ntchito yawo, Mulungu awadalitse kulikonse ali. Ife otsala tinayezedwa tonse, apongozi, ankhazi, ana, ndi ine amene ndinkatsuka mbale zawo tsiku ndi tsiku. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapezeka ndi matendawa. Alangizi atatiuza, ankhazi anakhala pansi n'kufunda chitenje kumutu, ndipo atavundukula anangondigwira phewa.

Pambuyo pake tinamva za mnzawo wa amuna anga amene anakhala naye mpando umodzi m'basi, wa kufupi ndi Champhira. Iyeyo analandiridwa bwino monga mwa mwambo, ndi chanza, ndi mbuzi, ndi mbale imodzi. Mwezi usanathe anaika mayi ake ndi amalume ake. Sindinena izi ngati kuti ife tinapemphera bwino kuposa iwo, ayi. Anali anthu okondana ngati ife, ndipo chimera chathu nafenso chinali chitayanikidwa kale. Ndikaganiza mmene tinayandikira dzenje lomwelo, ndimachita mantha ndi chifundo cha Mulungu, poti sindinachigwirire ntchito.

Tsiku limene a zaumoyo anavomereza kuti amuna anga asakanikirane ndi anthu, apongozi sanadikire kuti mwana abwere kwa iwo. Anapita okha, anamugwira manja onse awiri, kenaka anamusisita nkhope ngati munthu wosaona. Mawu okha amene anatuluka anali akuti, "Wawonda." Amuna akuluakulu awiri analira ngati ana pakati pa bwalo, ndipo mbuzi ija inagwa madzulo omwewo.

Ndikuthokoza Mulungu wanga amene anamva pemphero losalongosoka la kumunda lija. Ndikuthokoza chifukwa cha apongozi, ndiponso chifukwa cha ankhazi, amene ananyamula uthenga akuganiza kuti anyamula mlandu. Inu amene mukuwerenga, mwina muli pamalo pamene mawu anu samveka, mwachita zonse zimene mungathe koma chitseko chofunikacho chatsekedwa. Musataye mtima, ndipo musasiye kugwada. Njira Iye amakhala ataikonza kale, nthawi zina ndi chinthu chomwecho chimene mwakhala mukudandaula nacho.

Chaka chotsatira Ambuye anatipatsa mwana wamwamuna. Kuno dzina amapereka ndi agogo a kuchimuna, choncho tinapita naye kumudzi. Ankhazi anamutenga m'manja mwanga n'kukamuika pamiyendo pa apongozi, munthu amene ndinkaganiza kuti sadzaiona mvula ya chaka chimenecho. Anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti dzina lake ndi Lindani, kutanthauza kuti dikirani, poti bambo ake ndi agogo ake anadikirana ndipo onse ali moyo. Lero tikapita kumudzi Lindani amathamanga kukhola m'mawa, agogo ake akumutsatira pambuyo ndi ndodo, akutsokomola ndi kumukalipira kuti ayende pang'onopang'ono. Ulemerero ukhale kwa Mulungu. Ameni.