Tsamba 212 la aWonkhetsani

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1948. Chakacho muchisunge, tichifuna kutsogoloku. Ndikuwerenga ine mdzukulu wawo, ndipo amalume andipempha kuti ndisapse mtima. Ndiyesetsa.

Sukulu anayamba mu 1956, n'kulekeza sitandade sikisi atakangana ndi aphunzitsi pa samu imene, poifufuza bwino, anakhoza ndi malemuwa. Mu 1970 anakwatira agogo akazi ali apawa, omwe amati anawalola chifukwa kalata yofunsira inalibe pofufuta ngakhale pamodzi.

Mu 1972 analembedwa ntchito kosindikiza mabuku, yosanja zilembo ndi manja chimodzichimodzi. Mu 1979 anawapatsa buku la masamu la ophunzira uinjiniya. Patsamba 212 panali tebulo la mizere iwiri, wina wotchedwa erf, wina erfc, manambala othandiza kudziwa kuti muyeso ungaphonye motani. Malemu sanadziwe kuya kwake, koma anaona chinthu chimodzi: manambala awiri oyang'anizana ukawawonkhetsa ayenera kukwana wani, monga buledi amene wadya ndi amene watsala. Pa 0.5 anasanja 0.5205 ndi mnzake 0.4795. Buku potuluka, munali 0.5250. Ophunzira analakwa mayeso, madandaulo anagwa ngati matalala, ndipo bwana woyang'anira anati wosanjayo anali ataledzera. Munthu amene chakumwa chake chaukali chinali tiyi wopanda mkaka! Pa 3 Ogasiti anawachotsa ntchito.

Kuyambira 1980 ankakonza maambulera pakhonde la sitolo, bukulo lili pamwendo. Aliyense wobwera ankamutsegulira tsamba 212, kumupatsa pensulo, kuti awonkhetse yekha. Mvula inkakata munthu asanalandire ambulera yake. Dzina la aWonkhetsani linachokera pamenepo. Ana awo analoweza 0.4795 asanadziwe masiku awo obadwa. Kosindikiza kuja analemberako makalata 61. Yankho linabwera limodzi, lowapempha kuti asiye kulemba.

Mu Juni chaka chino anayamba kudwala mtima. M'chipatala anamwino ankawakonda, ngakhale ankabisa mapepala awo akamadutsa pabedipo. Anatisiya pa 9 Okutobala. Sanadandaule za imfa. Chinkawapweteka n'chakuti akupita ndi dzina la chidakwa.

Ndiye dzana ndinatenga bukulo ndi pensulo yawo, n'kukakhala pageti pa bwana aja. Anandiopseza ndi galu, koma galuyo anandikonda. Dzulo masana bwanawo anatuluka, anawonkhetsa, anapeza 1.0045. Anawonkhetsanso. Kenako anavomera kuti anasintha nambalayo ndi iwo, ndi cholembera chofiira, poti 0.5250 inkaoneka yaukhondo. Yaukhondo! Zaka makumi anayi ndi kanthu munthu akusoka maambulera chifukwa cha... Amalume, ndaona, ndabweza moto.

Bwanawo alemba kalata yonena kuti malemu sanalakwe ndipo sanali ataledzera. Taiika m'thumba la jekete lomwe avala m'bokosimu. Eni kalatayo ali kumbuyoko, ovala chipewa cha bulauni. Musacheuke nonse nthawi imodzi, ndi achikulire, ndipo abwera okha ndi miyendo yawo.

Malemu asiya mkazi, ana asanu, zidzukulu khumi ndi zitatu, ndi maambulera asanu ndi anayi amene eni ake akatenge kunyumba. Simukawonkhetsa chilichonse.

Tikuthokoza anamwino, oyandikana nawo, oimba, ndi amisiri amene atipangira mtanda. Koma amisiri, taonani bwino, mwalemba kuti anabadwa 1984, kutanthauza kuti anakwatira asanabadwe. Penti ndi burashi zili pakhondepo. Sitinyamuka musanakonze, chifukwa munthu uyu tikumudziwa: makalata angayambirenso.

Agogo, nambala yanu ndi 0.5205, ndipo pano onse amva. Tsekani bukulo. Mzimu wanu uuse mu mtendere wokwana wani, wopanda chotsala.