Bambo Fawundu, Osunga Nthawi ya Pachilumba

Amene tikuwaperekeza lero ndi Bambo Josiah Lahai Fawundu. Anabadwa mu 1951 ku Gbangbatoke, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu anayambira kwawo komweko, ndipo za magetsi anakaphunzira ku Bo. Mu 1978 anakwatira Mayi Yeabu Kpaka.

Chaka chomwecho anayamba ntchito kunyumba ya injini zamagetsi pachilumba pano. Pakhoma la kumeneko panali wotchi ziwiri, ina yopukusa ndi dzanja, ina yoyendera magetsi. Yamagetsi ilibe nzeru zakezake, imangowerenga kugunda kwa magetsi, kamakumi asanu pa sekondi. Injini ikalemedwa n'kufooka, wotchi zonse zotere m'tauni zimatsalira pamodzi. Choncho m'mawa uliwonse malemu ankamvera nthawi pa wailesi, n'kuyerekeza wotchi ziwirizo, n'kuthamangitsako injini mpaka zitagwirizana. Palibe anawatuma, palibenso anawathokoza. Anachita zimenezi zaka makumi atatu ndi zitatu. Kutchalitchi kwathu kuno ankaliza belu, ndipo ngakhale abusa akachedwa ankapeza nyimbo itayambika.

Atapuma ntchito mu 2011, olowa m'malo mwawo analeka mwambowo, ndipo wotchi zamagetsi zinayamba kumatsalira. Enafe tinagula wotchi zamabatire. Malemu anakakamira yamagetsi ya pakhoma la kunyumba kwawo, n'kumaikonza okha m'mawa uliwonse pomvera wailesi. Mwana wawo Nyanda anawaguliranso yawo, koma anaitsekera m'sutikesi osaikamo n'komwe batire, amvekere, "Yapakhomayi ndinailera ndine, singandinamize." Tisabisane, malemu anali amakani.

Mu Meyi chaka chino anayamba kudwala mtima, ndipo adokotala anati akagonekedwe ku Bo. Tonse tikudziwa kuti boti lopita kumtunda limanyamuka kamodzi patsiku, seveni koloko. Lachinayi lapitali Mayi Yeabu anawauza kawiri kuti dzuwa lakwera, anyamuke. Iwo anangoloza pakhoma n'kupitiriza tiyi wawo. Mlungu wonsewo anali chigonere, sanatsegule wailesi, ndipo wotchi inali itatsalira mphindi makumi awiri ndi zisanu. Pofika padoko, boti linali pakati pa madzi. Analiyang'ana mpaka linabisika.

Anamwalira kunyumba masana a tsiku lomwelo, pa 14 Juni 2018. Ola lenileni sitikulidziwa, chifukwa wotchi yoyenda m'nyumbamo inali yomweyo.

Asiya mkazi wawo, ana anayi, adzukulu asanu ndi anayi, ndi mlongo wawo mmodzi, ine Kadie Fawundu.

Ntchito yawo anaimaliza. Apumule mu mtendere.