Nsalu Yotsala M'kati mwa Msoko

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Amene simundidziwa, ndine bambo ake a Thoko, ambiri mumangoti atelala. Masana ndimabweza mathalauza kuseri kwa shopu yochapa masuti ku Hyattsville kuno. Madzulo ndimasoka madiresi a zitenje amene amayi mwatchenawa. Ena simunabwere kudzatenga anu, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Zimene ndinene lero Thoko wandilola yekha. Akanakana, sindikanaima pano.

Kusoka ndinaphunzira pakhonde la sitolo ku Limbe. Amene anandiphunzitsa anali ndi lamulo limodzi: ukamasoka chovala, siya nsalu yotsala m'kati mwa msoko, chifukwa munthu wamoyo amasintha. Akanenepa, umamasula msoko n'kukulitsa. Chovala ndicho chimatsata munthu. Ndinakula nazo zimenezo, ndinawoloka nazo nyanja.

Pakhomo tinalipo atatu. Mayi ake a Thoko ankasamalira gogo wina ku Rockville, kugona komweko, kubwera Loweruka lokha. Choncho sabata yonse tinkakhala awiri, ine ndi mtsikana wanga. Ndipo mukudziwa mmene tinaleredwera. Mwana wamkazi akatha msinkhu, bambo salowa m'chipinda chake. Samuyika tepi m'chiuno. Akamadutsa, umayang'ana kumbali. Ine ndinkati ndi ulemu, ndipo ndinkanyadira kuti ngakhale kuno ku America mwambo ndausunga.

Thoko ankakonda magemu a pa kompyuta. M'gemu ina munali msilikali wamkazi, wakhungu lakuda ngati lathuli, tsitsi lopota, lupanga m'manja. Tsiku lina anabwera ndi chidole cha msilikaliyo, anachigula ku Wheaton. Anachiika pa makina anga osokera. Akuti ku Washington kumachitika msonkhano waukulu, achinyamata amavala ngati anthu a m'magemu, ndiye iye akufuna ndimusokere chovala chimenecho.

Abale, ndinachiyang'ana chidole chija. Kachitsulo pachifuwa, kosakwana n'komwe. Kansalu m'chiuno, mpango wa m'manja ukuposa. Mimba yonse pamtunda, ntchafu pamtunda, nsapato za gogoda. Pamimba poning'a ngati mavu. Ndinaseka. Ndinati, "Mwanawe, ichi si chovala. Izi ndi zidutswa zimene ndimasesa pansi ndikaweruka."

Iye anati, m'Chichewa chake chothyokathyoka chija, "Adadi, ndi yekhayu amene amafanana ndi ine."

Ndinati, "Safanana ndi munthu aliyense ameneyu. Matumbo amawasunga kuti?"

Ndinakana. Ndinaona ngati nkhani yatha. Koma iye anakagula chovalacho pa intaneti. Chinafika m'kabokosi, analowa nacho kuchipinda, sanatulukenso nacho. Pambuyo pake m'pamene ndinadziwa kuti zipi inakana kutseka.

Sabata yomweyo, Lamlungu, titatuluka muno, tili pa tiyi kuseriku. Amayi anamuzungulira Thoko. Wina anamugwira mkono nati, "Koma wanenepatu iwe! Ukusangalala eti?" Mlongo wathu wina wa ku Lusaka anati, "Eh, mwana wakula maningi, onani mataya!" Tonse tinaseka. Ine ndiye ndinaseka kwambiri. Kwathu mawu amenewo ndi mendulo ya bambo, ndiye kuti pakhomo sipagona njala. Ndinayankha ndikudziguguda pachifuwa, "Ndi nkhuku za kuno zimenezo!" Palibe amene anafuna choipa, palibe. Thoko anamwetulira, anapempha makiyi, anakatidikira m'galimoto.

Kuyambira pamenepo mbale yake inayamba kubwerera. Ndikaphika, akuti ndadya kale kusukulu. Mawa lake, akuti m'mimba mukundipweteka. Loweruka mayi ake akabwera, ankadya pang'ono pamaso pawo, n'kumacheza, n'kumaseka. Inali nyengo yozizira, aliyense ali m'majuzi aakulu ndi majekete. Miyezi inapita choncho.

Abale, ine munthu akaima pakhomo la shopu ndimadziwa saizi yake ndisanatenge tepi. Amayi muli pano ndinu mboni. Koma mwana wanga ankatha m'nyumba mwanga momwe, ine osaona. Osaona! Chifukwa akamadutsa ndinkayang'ana kumbali.

Tsiku lina ndili pa makina, foni inalira. Kusukulu. Akuti mwana wanu wakomoka pamasitepe, ambulansi yamutenga. Ndinathamanga singano ili pamalaya. Nditafika kuchipatala ndinamupeza atagona, atamuveka kamwinjiro kopanda manja kaja. Ndipo ndinaona mikono yake. Mayo ine!

Dokotala anatikhazika pansi ine ndi mayi ake. Anati mtima wa mwanayu ukugunda mofooka chifukwa thupi lakhala likumanidwa chakudya kwa nthawi yaitali. Anati ndi matenda, ali ndi dzina lake, ndipo amapha. Ine mutu sunagwire. Njala ndimaidziwa, abale. Ndinagonapo ndi madzi okha m'mimba. Ndinabwera kuno kuti mwana wanga asadzaidziwe. Ndiye mwana afe ndi njala firiji ili yodzaza? Ndinakwiya. Ndinakwiyira Mulungu, ndinakwiyira dziko lino, ndinadzikwiyira ndekha.

Mayi ake anatsala pambali pa bedi, nandituma kunyumba kukatenga zovala. Ndinaima pakhomo la chipinda chake ngati mlendo. Kenako ndinalowa. Pakhoma ponse zithunzi za akazi a m'magemu ndi m'makatuni. Wina ali ndi uta, wina mapiko, wina mfuti. Koma thupi ndi limodzi lomwelo, ngati anadula ndi sizasi imodzi. Ndipo chovala chija chinali pa hang'ala, moyang'anizana ndi bedi, poti akadzuka azichiona.

Telala akagwira chovala amachitembenuza, ndi chizolowezi. Ndinachitembenuza. M'kati mwa msoko munalibe kanthu. Anadula mpaka pa ulusi. Chovala chosatheka kukulitsa, ngakhale ndi kachala kamodzi. Amene anachipanga sanaganize kuti wochivala amapuma, amadya, amakula. Ndinakhala pansi m'chipindamo ndi kulira ngati mwana. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, musanditengere. Ambuye, musanditengere ameneyu.

Nditabwerera kuchipatala ndinamuuza kuti chovala chija ndachiona. Ndinkayembekeza kuti achita manyazi. Mukudziwa chimene ananena? Anati, "Adadi, zipi inangotsala pang'ono kutseka." Akunena mokondwa, machubu ali m'mikono. Pamenepo ndinadziwa kuti mwana wanga ali kutali, ndipo kukalipa sikumubweza.

Ena munabwera kudzapemphera nafe, Mulungu akudalitseni. Ena munati ndi ziwanda. Sindikutsutsana nanu pano, koma ndikuti Mulungu yemweyo anatipatsa madokotala ndi alangizi odziwa matendawa, ndipo popanda iwo bwenzi lero ndikunena zina. Komabe masiku oyambawo Thoko sankafuna kumva aliyense. Mbale ikabwera, ankatembenukira kukhoma.

Sindikudziwa chimene chinandigwira, ine ndimati ndi Mzimu. Tsiku lina ndinanyamula chidole chija, chomwe ndinkafuna kuchiponya m'bini, n'kupita nacho kuchipatala. Ndinachiika pabedi. Ndinati, "Tandiuze za mayi ameneyu. Ndi ndani?" Kuyambira tsiku limene anachibweretsa, ndinali ndisanafunsepo.

Anandiyang'ana ngati ndikumutchera msampha. Kenako anayamba. Akuti mudzi wa msilikaliyo unawotchedwa, iye yekha anabwerera kukapulumutsa ana. Akuti saopa, salola kuti wina amunyoze. Analankhula, analankhula, Chizungu ndi Chichewa kusakaniza, maso akuwala. Ndinazindikira kuti chimene mwana wanga ankafuna si kuonetsa mimba ayi. Ankafuna kulimba mtima kwa mayi uja. Koma ogulitsa anazimanga pamtolo umodzi, ukafuna ichi utenge ndi icho.

Ndinafunsa, "Nanga asilikali aamuna m'gemumo amavala chiyani?" Anandionetsa pafoni. Zitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, maso okha akuoneka. Ndinati, "Aa! Nkhondo imodzi yomweyo? Awa awaveka ngati thanki yankhondo, mnzawoyu amutumiza ndi mpango. Amene anamujambulayu amamukonda, kapena akufuna alasidwe tsiku loyamba?"

Anaseka. Abale, mwana wanga anaseka! Kuseka kofooka, koma kuseka. Kenako anati, "Anamuveka choncho kuti anyamata azigula gemu." Ankadziwa. Nthawi yonseyi ankadziwa, koma kudziwa sikunamutchinjirize.

Ndinati, "Ndiye tiyeni timuveke ife. Iwe ujambule, ine ndisoke. Chovala choti munthu n'kumenyera nkhondo."

Mlangizi wake anavomera, koma anatipatsa lamulo: tepi ayi, manambala ayi. Mwanayu asamve nambala iliyonse ya thupi lake. Ndinati, nanga ndisoka bwanji? Mayi ake anandiyang'ana nati, "Bambo a Thoko, si inu mumadzitama kuti mumayeza ndi maso? Muyang'aneni mwana wanu." Mawu amenewo anandilasa. Ndinamuyang'ana. Mapewa ake, msana wake, mmene amaimira. Mwana wanga, amene ndinamunyamula ali wakhanda. Ulemu sunachoke, abale. Chimene chinachoka ndi khungu la m'maso mwanga.

Iye anajambula chapachifuwa chokwana, malaya a manja aatali, lamba wa lupanga, nsapato zoti n'kuthamangira. Ine ndinasoka. Ndipo m'misoko yonse ndinasiya nsalu yambiri, kuposa imene ndinasiyapo m'chovala cha munthu aliyense. Sindinamuuze.

Ndisakunamizeni kuti zinathera pomwepo. Msonkhano wa chaka chimenecho sanapite. Atatuluka m'chipatala panali masiku olira patebulo, mbale ili pakati pathu, chakudya chikuzizira. Panali sabata zimene tinabwerera m'mbuyo. Mayi ake anasiya ntchito yogona ku Rockville, anapeza ya masana. Mpaka lero Thoko amakaonana ndi mlangizi, ndipo ine ndikamva mpando ukukankhidwa msanga patebulo, ndimathamangira kuyang'ana mbale yake.

Koma mwezi wathawu, akukonzekera msonkhano wa chaka chino, anavala chovala chimene ndinamusokera chija kuti ayese. Anatuluka, anaima pambali pa makina. Anati, "Adadi, chikundithina m'mapewa."

Mayi ake anasiya kutsuka mbale. Ine ndinagwira tebulo. Chifukwa mawu amenewo, kuti chovala chikuthina, ndi amene anatifikitsa kuchipatala. Sindinadziwe kuti mwanayu alowera kuti. Ndinangoti chamumtima, Ambuye.

Anatambasula dzanja, anatenga lezala langa lomasulira misoko, nandipatsa. Anati, "Mukulitse."

Aleluya! Abale, aleluya! Ndinamasula msoko uja misozi ikugwera pansalu. Iye anasuzumira m'kati, naona nsalu yonse ija. Anati, "Munasiya yonseyi?" Ndinati, "Ndinkakudikira."

Ndikuthokoza Mulungu amene anandibwezera mwana. Ndikuthokoza mayi ake, amene ananyamula zambiri kuposa ine. Ndikuthokoza inu nonse.

Ndipo ndili ndi pempho limodzi. Tikatuluka kupita pa tiyi, mukakumana ndi ana athu, musawauze kuti wanenepa, musawauze kuti waonda. Ndikudziwa kuti ndi chikondi, inenso ndinakulira momwemo. Koma ana awa tsiku lonse amaona matupi ojambula amene palibe munthu anabadwa nawo. Muwafunse za sukulu. Muwafunse za magemu awowo, mudzamva zambiri. Ndipo abambo anzanga, ayang'aneni ana anu.

Thoko wakhala kumbuyo uko ndi mayi ake. Sanachiriretu, koma ali moyo, ndipo m'mawa uno wadya nafe. Chovala chija chikadzathinanso, ndidzamasulanso. Nsalu ikadalipo m'katimo. Ameni.