Mgolo Wotsiriza wa pa Hallasay

Olemekezeka a khansala athu, Bambo Ruaridh Nicolson. Olemekezeka abusa, amene mwati mudalitsa nyumba yokha osati zam'migolo. Mayi Kirsteen Munro, oyang'anira fakitale yathu yotchezera wisiki. Mabanja a anzanga amene anatisiya. Anthu nonse a pachilumba cha Hallasay, ndakulonjerani.

Ine ndine Torquil MacPhail, mmisiri wa migolo wopuma pantchito. Mwaveka ulemu munthu amene anatsala pang'ono kukuonongerani mwambowu, ndipo ndinena mmene zinakhalira.

Zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo, eni ake atatseka fakitale ino, tinachita monga ankachitira makolo athu: mgolo wotsiriza kudzazidwa ndi wa antchito. Tinalembapo maina athu, anthu khumi ndi awiri, ndipo anzanga anati ndiusunge ine. Ndinaugubuduzira m'nyumba yosungira migolo, pakona ya mbali ya kunyanja, pomwe khoma limachita thukuta chaka chonse, poganiza kuti chinyezi chiteteza matabwa kuti asang'aluke.

Mayi Effie Beaton, amene ankayeza mowa masiku amenewo, anandipeza pomwepo. "Iwe Torquil, m'mutu mwakomo muli matabwa okhaokha. Pachinyezi mowa umasukuluka. Udzatimwetsa tiyi."

Ine ndinati, "Effie, za migolo usiyire eni ake."

Musaseke, a khansala, zoopsa zikubwera. Nonse mukudziwa lamulo: ukali wa mowa ukatsika kuchepera 40 peresenti, chimenecho si wisikinso, ngakhale chitanunkhira bwanji. Sizinanditengere zaka zambiri kuzindikira kuti Effie ankanena zoona. Koma kuusuntha mgolowo kunali kuvomera kulakwa, ndiye ndinausiya pomwepo. Mnzanga akafunsa kuti titsegula liti, ndinkati, "Tidikire ukhwime." Chilungamo chake, ndinkaopa. Anthu asanu ndi anayi tawaperekeza kumanda akudikira.

Mayi Munro atakonzanso fakitale, anapempha kuti mgolowo utsegulidwe chifukwa cha tsiku lalero. Ndinati tidikireko chaka china. Madzulo ake Effie anafika pakhomo panga ndi ndodo yake, osakhala n'komwe pansi.

"Tatsala atatu, Torquil. Ukufuna udzamwe wekha?"

Ndinagonja, ndipo Lachitatu tinazula chotsekera. Mayi Munro anatunga pang'ono, n'kuviikamo choyezera ukali. Kenako anati, "A MacPhail, khalani kaye pansi."

Ndinati, "Nenani ndili chiimire, mayi."

"Wapitirira 40 ndi kakang'ono chabe. Tikanadikira chaka chanu chija, ukanapita."

Ndinalira anthu akuona, ndipo sindichita nazo manyazi. Mtima umene unakhala m'mwamba zaka zonsezi unakhala pansi tsiku limenelo, ndipo chakudya chayambanso kundikomera.

Fakitale ino yatsegulidwa ndi kutsekedwa katatu, koma madzi ndi omwewo, mphepo ndi yomweyo, ndipo anthu ake sanaiwale kutcheza. Mumgolomo mwatuluka mabotolo zana limodzi ndi makumi anayi okha, ndipo wina wofanana nawo sadzapezekanso.

Inu mabanja asanu ndi anayi amene mwakhala kutsogoloku: abale anu sanaulawe mowawu, osati chifukwa unali wosakhwima, koma chifukwa cha mantha anga. Pepani. Mabotolo oyamba ndi anu, ndipo ndiwabweretsa ndekha khomo ndi khomo.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti fakitale ya pa Hallasay yatsegulidwanso.

Zikomo kwambiri.