Filomena, Mnzake wa Kalasi Yonse

Aphunzitsi a sitandade 7 pasukulu ina ku Golomoti anapatsa Laisoni ntchito yogawa anzake m'magulu oti aziwerengerana zimangirizo n'kumakonzerana. Malamulo anali awiri: apamtima asakhale gulu limodzi poti amangoyamikirana, ndipo wosowa gulu adzawerenga chake kutsogolo kwa kalasi.

Tsono Filomena, yemwe nkhani siimugonera m'kamwa, anali atalemba za tsiku lomwe mayi ake a Katerina anagwa pa kabaza kumsika, usipa n'kumwazika, chitenje n'kukodwa m'masipoko. Sanasiyeko kanthu. Atamva kuti gulu lake muli Katerina yemweyo, anakapeza Laisoni atanyonyomala, akusuntha timiyala m'mizere yomwe anajambula pamchenga.

"Undichotse mmenemo."

"Katerina ndi mnzako?" anafunsa Laisoni.

"Sitilankhulana n'komwe."

"Ndiye zili bwino."

Filomena anayesa zonse. Anati Katerina amalemba ngati nkhuku yapalasa, Laisoni anati nchifukwa chake akufunika womukonzera. Anati amuuza mchimwene wake, Laisoni anati mchimwene wakeyo sali sitandade 7.

"Chabwino, ndinanama. Katerina ndi wanga wapamtima. Timadyera mbale imodzi."

Laisoni sanatsutse. Anatola kamwala ka Filomena n'kukaika kwa Cosmas. Koma wopalasa kabaza uja ndi bambo ake a Cosmas, ndipo m'chimangirizomo akununkha kachasu ndime yathunthu.

"Cosmas nayenso ndi mnzanga."

"Si uja unamuthira madzi dzana?"

"Ndi mmene timachezera."

Kamwala kanasamukira kwa Namaliya, amene azakhali ake analembedwa kuti pothandiza kutolera, usipa wina unkalowa m'jumbo mwawo. Mnzakenso. Kwa Fagness, mchemwali wake ndi uja anaseka mpaka kukhala pansi m'matope. Mnzakenso. Filomena sanadziwe kuti tsiku limodzi lija analowetsamo mudzi wonse.

Laisoni anayang'ana mizere yake kwa kanthawi, kamwala kali m'manja.

"Ndiye gulu lililonse muli mnzako."

"Nanga ndichite bwanji? Anthu amandikonda," anatero Filomena, akupuma bwino tsopano.

Laisoni anaika kamwalako pakokha, kunja kwa mizere yonse, n'kusasa mchenga m'manja.

"Ndiye ukawerenga kutsogolo. Ukakweze mawu, Katerina amakhala kumbuyo."